Chipewa cha Spencer

"Vula chipewa iwe, uli pamaso pa apongozi!" anamunong'oneza amalume ake.

Spencer thukuta linali kamukamu. Nyimbo za rege zitavuta mu Lusaka, anzake anamuuza kuti tsitsi ukaliluka limasanduka lokha madiredi. Ndiye dzulo anakalukitsa mobisa pamsika wa Kabwata, nkhope ataphimba ndi chitenge. Lero anabwera kudzaonekera kwa makolo a Peggy, mkazi amene iye ankafuna kumukwatira.

Anavula pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Amake Peggy anamuyang'anitsitsa, kenaka anamasula duku lawo. Tsitsi lawo lolukidwa ngati la Spencer: mizere yake yomweyo, kukhota kwake komweko!

"Kansi ndimwe kamtsikana kamanyazi kaja?" anatero mayiwo. "Nenze kumbuyo kwanu pa Kabwata dzulo, ba Spencer. Ninauza woluka ati, nipangeni monga uyu."