Matumba Awiri a Felista

"Manga kukamwa kwa thumbalo, asaone njira," anatero azakhali ake a Felista.

Mphaka anali kulira m'thumbamo. Anabwera yekha nthawi yokolola, nthiti zikuwerengeka, ndipo azakhali omwewo ndi amene ankamuikira mitu ya usipa pakhonde, poti makoswe anali atawasowetsa tulo m'chipinda cha mpunga.

"Walakwa chiyani, azakhali?"

"Makoswe anatha, mpunga tagulitsa. Ndizidyetsa pakamwa popanda ntchito? Kupha mphaka n'tsoka, ndiye ukamutaye kutsidya kwa njanji, ku Golomoti uko."

Felista anamanga thumbalo. Nayenso anabwera pakhomopo mayi ake atamwalira, kudzalera khanda la azakhaliwo, lomwe tsopano linali litayamba sukulu ya mkombaphala.

Anamangirira thumba panjinga n'kupalasa. Kutsidya kwa njanji atamasula, mphaka anatuluka n'kuyamba kudzikhula pamiyendo yake. Atati azibwerera, mphaka uja pambuyo. Anachita kumugenda. Mwala wachiwiri unamupeza mwendo, ndipo analowa m'tchire akutsimphina. Felista analira njira yonse.

Pofika kunyumba anapeza thumba lina lili pakhonde, lomanga kale kukamwa. Kansonga ka diresi lake la kutchalitchi kanali katatsalira panja.

"Sanakutsate?" anafunsa azakhali, maso ali pa lichero.

"Ayi."

"Wachita bwino. Tsamiritsa njingayo apo, usenze ilo. Kwa amalume ako ku Mtakataka njira ukuidziwa."