Mawu Atatu a Nachisale

Masiku amenewo banja lililonse linkaloledwa kuuza mtolankhani mawu khumi okha pachaka, ndipo wailesi inkaulutsa zokhazo zimene kamakina kake kajambula. Mwamuna wa Nachisale anali atawononga kale asanu ndi awiri podandaula za feteleza.

Tamanda, mtolankhaniyo, anakhala pamkeka n'kuyang'ana mwana wa Nachisale, amene anali atatsegula m'mimba masiku anayi.

"Atsala atatu, mayi. Musapupulume."

Nachisale anaweramira kamakinako. "Chitsime chikupha ana."

Kamakina kanalira n'kuzima.

"Mayo ine, dzina la mudzi!" anafuula Nachisale. "Onjezaniko, achemwali, chonde!"

"Ndikaonjeza anga, andilanda kamakinaka," anatero Tamanda, maso ali pansi.

Nachisale anabereka mwanayo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, akugwada, kupempha aliyense amene watsala ndi liwu limodzi.