Magazi Akumtundu

"Mlongo wanu wadzuka, koma tikufuna tiyeze magazi anu," anatero dokotala akuvala magolovesi.

Telala anapinda mkono wa malaya monyinyirika. "Magazi anga alakwanji? Amene wachitidwa opaleshoni ndi iyeyu."

"Pa opaleshoni timabaya mankhwala ofooketsa thupi kwa kanthawi. M'magazi muli kanthu kamene kamawasungunula msanga, koma mwa mlongo wanuyu n'kochepa. N'chifukwa chake anakhala tsiku lonse makina akumupumira. Zimayenda kumtundu."

Mlongo wakeyo anayankhula ali pabedi, mawu atasasa. "Achimwene, sindinagone ayi. Ndimamva zonse. Mutandigwira phazi ndinafuna kukuwa, koma ngakhale chikope chinakana."

Singano inalowa, telala osaimva n'komwe. Mayi awo nawonso sanadzuke atachitidwa opaleshoni, kalekale. Tsiku limenelo iye ndi malume ake anaima kumutu kwa bedi, mayiwo akupumabe, n'kumakangana mokweza za manda: akaikidwe kwawo kapena kwa amuna awo.

"Adokotala," anafunsa motsitsa mawu, "aliyense wotere amamva?"

Dokotala anaika kathonje pamkono.

"Finyani apa," anatero.