Mwezi wa mu Wotchi ya Mwini Malole

Mvula inali isanakate chiyambire m'mawa pamene mwini malole analowa m'kashopu n'kuponya wotchi yake yagolide patebulo.

"Madala, mwezi wanga mwauika kuti?"

Wokonza mawotchi anaitola n'kuiyang'ana. Pakazenera ka m'munsi mwa mivi, pomwe dzulo panali kamwezi kathunthu, panangotsala tinyenyezi.

"Ndinati mungoitsuka, inu n'kuiba! Wotchi iyi si ya pamsika. Anaipanga kuti munthu azivala thambo pamkono, azikumbukira kuti nthawi si yake. Mungazimvetse zimenezo inu?"

"Mwezi uli mumdima masiku ano, bwana. Wakumwambawo. Wotchi ikungotsatira."

"Zaka zisanu ndakhala ndikuivala, mwezi sunasowepo!"

"Kagudumu kake kanali katauma. Ndakamasula."

"Musandiphunzitse! Bwezani mwezi wanga, apo ayi ndikukatenga apolisi, kashopu kano katsekedwe lero lomwe."

Anthu amene anabisala mvula pakhonde anayamba kusuzumira pakhomo. Chimwalirireni mkazi wake, chomwe chinkamudzutsa wokonza mawotchiyo m'mawa chinali kashopu kameneka.

Anatsegula wotchiyo kumbuyo, n'kuzungulitsa kamwezi kaja mpaka kanadzaza zenera lonse. Kenako anazula kagudumu kokayendetsa, n'kutseka.

"Mwaonatu? Wakuba amafuna kumukalipira basi," anatero mwini malole kwa anthu aja, uku akumanga wotchi pamkono. "Tsopano ndiye ikuyenda bwino."

Mwini malole atatuluka, wokonza mawotchi uja anaponya kagudumu kaja m'chitini cha zitsulo zakale, n'kutenga wotchi ina.