Dziwe la Faruku Layera

"Ababa, mwalitani dziwe langa?" Faruku anakuwa, njinga n'kuiponya pansi.

"Ndakutsukira," anatero a Fakiri, bambo ake, miyendo ili matope okhaokha. "Madziwo anabiriwira, oti ngakhale wudhu sungapangire. Ndawatulutsa onse n'kulowetsa atsopano a mu Bua."

Faruku anagwira mutu. Kubiriwirako tinali tindere tosaoneka ndi maso, chakudya cha tiana ta chambo take. Anachita kutimeretsa pothira zitosi za nkhuku, poti chakudya chogula sakanachikwanitsa. Dziweli analikumba atatopa n'kubwerako kunyanja chimanjamanja, ana akugona ndi njala.

"Nanga nsombazi zidya chiyani tsopano?"

"Usadandaule, mwana wanga," a Fakiri anamwetulira monyadira. "Taona kuyera kwake. Ngati nyanja yeniyeni."