Chingwe cha Malemu Šime

"Injini ikulira bwinobwino koma boti silikuyenda!" anakalipa Duje. "Fulumira Frane, mawa mwana wanga akukwatiwa. Awoloka bwanji kupita kutchalitchi kutsidya?"

Frane, makaniko yekhayo pachilumbapo, anakwawira pansi pa botilo, lomwe anali atalikokera kumtunda, n'kupisa dzanja pabowo pomwe pampu imayamwira madzi isanawalavule kumbuyo. Zala zinagunda chingwe chitazengezana mkati. Anasololako pang'ono: chobiriwira, cholukidwa ndi ulusi wofiira.

Chinali chingwe cha malemu Šime, bambo ake a Frane, chomangira bwato lawo lamatabwa padoko. Mwezi watha bwatolo linapezeka litaphwanyika pamiyala, ndipo tsiku lomwelo boti la Duje linali litatenga kale malo ake padokopo. "Ndi mphepo yamkuntho ija ya bura," anatero Duje nthawi imeneyo, nkhope ili gwa. Koma ndi mphepo yanji yoyenda ndi mpeni? Nsonga ya chingwecho inali yodulidwa mosalala. Chinatsalira m'madzi padokopo mpaka pampu ya Duje inachiyamwa.

Frane anachikankhira momwe anachipeza, n'kutuluka.

"Pampu iyi yatha, a Duje. Tiitanitse ina kumzinda wa Split. Mwina idzafika mdzukulu wanu atabadwa."

"Usandiseweretse iwe! Nanga ndibwereke la ndani? Maboti onse atengedwa ndi alendo!"

Frane anapukuta manja mosafulumira, chala chimodzichimodzi.

"Akwatibwi onse a pachilumba pano ankawoloka pa bwato la bambo anga, kwaulere. Kafunseni mphepo ija komwe inalisiya."