Lamba wa kimono ya Chisato

Panali mtsikana wina ku Osaka, m'dziko la Japan, dzina lake Chisato. Nkhani yake ndinaimva kwa mnzanga amene ankaphunzira naye.

Linali Lolemba la mu Januwale lija limene okwanitsa zaka makumi awiri amavala kimono, chovala chamwambo cha kumeneko, n'kupita ku holo ya mzinda kukalandiridwa kuti akula. Monga atsikana ambiri masiku ano, Chisato sankatha kuvala kimono yekha. Anamuveka ndi azakhali ake, a Fumie, ndipo zinatenga ola lathunthu: zingwe zingapo mkati, kenako lamba wamkulu womangira kumsana.

"Azakhali, ndikulephera kupuma!"

"Upuma mawa. Tamvera, kunjaku kuli azimayi amanja oyabwa, akaona kimono amafuna kuikonza. Kolala akukonzere, palibe kanthu. Koma lambayu munthu asam'masule. Akavuta undiimbire ine."

Mwambo utatha, Chisato ndi mnzake Nanami anapita kukachisi kukajambulitsa zithunzi. Anthu anali pikitipikiti, alendo odzaona malo akupempha kujambula nawo. Pamenepo panafika mayi wina wachikulire, wovala kimono yotuwa, nawerama mwaulemu.

"Pepani mwanawe, wakumangani lambayu ndani?"

"Azakhali anga," anatero Chisato.

"Manja awo ndi abwino, koma wapendekeka. Mwakhalitsa pampando."

Nkhope ya Chisato inatentha ndi manyazi. Kumsana kwake sakanatha kudziona. "Nanami, zoona?"

"Ine ndikuona ali bwinobwino. Kaya, mwina opendekeka ndi maso angawa."

Mayi uja anaseka, napereka khadi lake ndi manja awiri. Anati akukonza chionetsero cha mafashoni a kimono cha mwezi wa Malichi, ndipo akufuna atsikana aatali ngati Chisato. "Malo athu ali kuseri kwa msewuwu. Ndikukonzereni lamba, tikujambuleni chithunzi chimodzi, basi. Mnzanuyu abwere nafe."

Nanami anakoka mkono wa Chisato. "Iwe, azakhali ako anati chiyani?"

"Koma ndi mzimayi ameneyu, si mwamuna. Ukufuna zithunzi zanga zonse zituluke chopendekeka?"

"Pita ukatchuke, dona. Ine nkhwayirazi zandidya zala. Undipeza pogulitsa mbatata zootcha paja."

Chisato anatsatira mayi uja mpaka pansanjika yachinayi ya nyumba ina yakale. M'chipinda chimene analowamo munali kalilole wamkulu ndi kamera basi. Mayiyo anamasula lamba mwaluso. Kenako anati, "Aa, vuto lili mkati. Tiyambirenso." Anamasula chingwe choyamba, chachiwiri, mpaka zonse. Chisato ankafuna kunena kuti zakwana, koma munthu wamkulu akukuthandiza umamuletsa bwanji?

"Yakwinyika iyi, ndikaisite," anatero mayi uja. Ananyamula kimono, lamba, ndi kachikwama kamene munali foni, n'kutuluka. Chisato anatsala ndi chovala chamkati chopyapyala chokha. Kenako anamva kiyi akuzungulira pachitseko.

Anaika khutu pachitsekocho. Kunja kunkayankhula mwamuna.

"Ndi mmodzi yekha?"

"Mnzake wakana," anayankha mayi uja, mawu aulemu aja atatheratu. "Galimoto ibwere kuseri kwa nyumbayi."

"Sathawa?"

"Athawira kuti osavala? Ndi wamanyazi. Oterewa sakuwa n'komwe."

Chisato anathamangira mbali ina ya chipindacho. Anatsegula chitseko chagalasi n'kutulukira pakhonde. Pansi, kutali, anthu ankadutsa masana dzuwa likuswa mtengo, koma mphepo yozizira ya Januwale ikumulasa m'mafupa. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma mawu sanatuluke. Mayi uja sananame. Ngakhale pamenepo, mtima wina unkamuuza kuti, anthu akakuona chonchi adzati chiyani?

Kiyi anayambanso kulira pachitseko.

Pakati pa khondelo ndi la oyandikana nawo panali thabwa lopyapyala lolekanitsa makonde, limene amati uliswe moto ukabuka. Chisato analimenya ndi phazi. Silinasweke. Anamenyanso, kachitatu linaboowoka, iye n'kukwawira mbali inayo, mwendo ukutuluka magazi. Kumeneko anapeza nkhalamba ina ikuyanika zofunda.

"Agogo, ndibiseni! Akufuna kundiba!"

Nkhalambayo sinafunse zambiri. Inamufunditsa bulangete, kumulowetsa m'nyumba, kukhoma zitseko zonse, n'kuimbira apolisi. Isanaike foni pansi, wina anagogoda. Anali mayi uja, mawu ake atakomanso ngati uchi.

"Pepani kukusokonezani, bambo. Mwana wanga mutu sukuyenda bwino. Walowa kwanuko?"

Chisato anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Nkhalamba ija inamuyang'ana, n'kuyang'ana chitseko. Mtsikana wosavala bwino, wamagazi, wolowera pakhonde. Kunjaku mayi waulemu. Dzanja lake linafika pa loko, n'kuima pomwepo.

"Ngati ndi wanu, mayi, dikirani pomwepo. Apolisi ali m'njira, akupatsani okha."

Kenako anamva mapazi a anthu awiri akutsika masitepe mothamanga.

Apolisi anapeza kuti chipindacho chinabwerekedwa tsiku limodzi lokha, pa dzina labodza. Chionetsero cha mafashoni chija kunalibe. Kimono ya Chisato inapita. Koma atatsegula kabati ya m'chipinda china anapezamo malamba anayi opindidwa bwinobwino. Mmodzi anali wa Chisato. Eni ake a atatu enawo sanapezeke.

Phunziro: Ulemu wa munthu wosamudziwa si umboni woti ndi wabwino, ndipo woipa si mwamuna yekha. Usalole mlendo akupatule kwa anzako, ndipo zikavuta uzikuwa, manyazi sapulumutsa moyo. Tumizirani atsikana onse amene mumawakonda, makamaka ofatsa aja amene amalephera kunena kuti ayi.